Kusintha Maswichi, Masoketi ndi Mawaya Akale M'nyumba Zathu ku Domasi

Munthu woyenda madzulo pa msewu wa M3 kuchokera mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde, akadutsa pa Songani n'kutsetserekera ku mlatho wa Domasi, amaona mababu akuwala m'malo amene kale munkangooneka koloboyi. Magetsi sakuthera ku Domasi College of Education, ku Malawi Institute of Education, kuchipatala ndi kumishoni kokha ayi. Afika m'zigayo, m'maokala, m'malo ometera tsitsi ndi owotcherera zitsulo, komanso m'nyumba za anthu wamba m'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Malemia. Ntchito yopereka magetsi kumidzi ya MAREP, imene inayamba m'chaka cha 1980, ndiyo yathandiza kwambiri kuti mapolo atuluke m'matauni.

Ulendo udakali wautali. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. N'chifukwa chake banja limene lalumikizidwa limasangalala. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Magetsi akalowa m'nyumba amabwera ndi udindo wosamala mawaya, maswichi ndi masoketi, ndipo udindowu ndi umene ambiri timauiwala kufikira tsiku limene soketi yanunkha kupserera kapena mwana wagwidwa ndi nyesi. Nkhani ino ikufotokoza mmene zipangizozi zimagwirira ntchito, chimene chimaziwononga, ndi zimene mwini nyumba ayenera kuyang'ana pamene mmisiri akuzisintha.

Udindo wa yani?

Bungwe la EGENCO, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2017, ndilo limapanga magetsi ambiri a m'dziko muno pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Bungwe la ESCOM limawanyamula ndi kuwagawa mpaka pa mita ya kasitomala. Polo, thiransifoma, waya wochokera pa polo ndi mita yeniyeniyo ndi za ESCOM, ndipo munthu wina aliyense saloledwa kuzigwira. Kuchokera pa bokosi la main switch kulowa m'nyumba, zonse ndi za mwini nyumba. Swichi ikasweka kapena soketi ikapsa, palibe wa ku ESCOM amene adzabwere kudzaisintha.

Amene amayang'anira malamulo a ntchito za magetsi ndi bungwe la MERA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2004. Bungweli ndilo limapereka zilolezo kwa amisiri oika mawaya m'nyumba. Choncho ntchito yosintha mawaya, kuwonjezera masoketi kapena kupititsa magetsi m'chipinda chatsopano iyenera kugwiridwa ndi mmisiri wa chilolezo. Zimene tikulemba pano cholinga chake si kusandutsa wowerenga aliyense mmisiri, koma kuti mwini nyumba adziwe chimene akulipira, azitha kufunsa mafunso oyenera, ndi kukana ntchito yachinyengo.

Pa nyumba za lendi, zimene zilipo zambiri pafupi ndi koleji ndi m'misika, mwini nyumba ndiye woyenera kukonza mawaya a m'khoma. Wochita lendi udindo wake ndi kunena msanga akaona chovuta, ndi kupewa kulumikiza yekha mawaya owonjezera.

Mawaya atatu ndi ntchito zawo

Magetsi a m'nyumba za ku Malawi ndi a mphamvu ya mavolti 230, ndipo kaikidwe kake kamatsatira dongosolo la ku Britain. N'chifukwa chake masoketi athu ali ndi mabowo atatu a makona anayi. Ku soketi iliyonse kumafika mawaya atatu. Woyamba ndi waya wamoto, umene amisiri amautcha live, ndipo ndi umene umabweretsa mphamvu. Wachiwiri ndi neutral, umene magetsi amabwererapo akagwira ntchito mu babu kapena mu ketulo. Wachitatu ndi earth. Waya umenewu sunyamula kanthu zinthu zikamayenda bwino, koma waya wamoto ukakhudza chitsulo cha firiji kapena cha kukala, earth imapatsa magetsi njira yachidule yothawira, ndipo breaker imagwa munthu asanakhudze chitsulocho.

Mawayawa amadziwika ndi mitundu. M'nyumba zambiri zakale komanso m'mawaya ambiri ogulitsidwa m'sitolo zathu, wamoto ndi wofiira, neutral ndi wakuda, ndipo earth ndi wobiriwira, kapena wobiriwira ndi mizere yachikasu, kapenanso mkuwa wosakutidwa. Ku Britain anasintha mitunduyi pakati pa 2004 ndi 2006, kotero kuti wamoto unakhala wabulawuni ndipo neutral wabuluu. Iyi ndi mitundu imene timaiona pa zingwe za ayironi, wailesi ndi ketulo. Nyumba imene inawonjezeredwa chipinda patapita zaka ikhoza kukhala ndi mitundu yonse iwiri. Pamwamba pa apo, mmisiri wakale akhoza kukhala kuti anagwiritsa ntchito waya uliwonse umene unatsala. Mmisiri wanzeru sakhulupirira mtundu wokha, amayamba wayeza.

Kukula kwa waya nakonso n'kofunika. Mzere wa mababu umafuna waya wa 1.5 mm², wotetezedwa ndi breaker ya maampu 6 kapena 10. Mzere wa masoketi umafuna waya wa 2.5 mm², ndi breaker ya maampu 20 ngati wayawo ukuthera pa soketi yomaliza, kapena 32 ngati ukuzungulira n'kubwerera ku bokosi. Kukala wamkulu amafuna mzere wakewake wa waya wa 6 mm². Ntchito ya breaker ndi kuteteza waya kuti usatenthe kupitirira muyezo. Munthu akakoka soketi kuchokera pa waya wa mababu, kenako n'kuika breaker yaikulu kuti isamagwe, wachotsa mlonda pakhomo. Waya wowondawo udzatentha m'kati mwa khoma kapena pamwamba pa siling'i, pamene diso silifika.

Chimene chimawononga maswichi ndi masoketi

Ngozi zambiri siziyambira pakati pa waya koma pa mfundo, pamene waya wamangidwa ndi sikuluu. Mkuwa ukatentha umafutukuka pang'ono, ukazizira n'kubwerera. Pakapita zaka zambiri za kutentha ndi kuzizira, sikuluu imamasuka. Pamalo pamene waya sukugwira bwino, magetsi amadutsa movutikira ndipo pamatuluka kutentha. Pamene ketulo ikukoka maampu 10, mfundo yokhwepa pang'ono chabe ikhoza kutulutsa kutentha kofanana ndi kwa babu lakale lija la galasi, koma kutaunjikana pamalo aang'ono ngati njere ya chimanga. Pulasitiki imauma, imada, kenako imasanduka khala, ndipo khala limadutsa magetsi. Choopsa n'chakuti breaker siiona vuto limeneli, chifukwa mphamvu yodutsa siinapitirire muyezo.

Chigwa cha Domasi chili ndi adani akenso. Chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, ndipo mvula yake kuyambira Novembala mpaka Epulo si yamasewera. Denga lamalata lodontha limagwetsera madzi pa mfundo za mawaya a pamwamba. Khoma la njerwa zomangira dothi limakoka chinyontho kuchokera pansi, ndipo kabokosi kachitsulo ka soketi kamachita dzimbiri. Makoswe, amene amachuluka m'nyumba zosungiramo chimanga ndi mpunga, amatafuna chikopa cha waya. Chiswe chimamanga m'mapaipi a mawaya, ndipo mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwa m'kati mwa swichi. Kumunsi kwa chigwa, kulowera ku nyanja ya Chilwa, madzi osefukira amalowa m'nyumba monga zinachitikira m'madera ambiri a m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Soketi imene inamirapo m'madzi amatope iyenera kusinthidwa, ngakhale itauma n'kumagwira ntchito.

Mdani wina ndi kusintha kwa moyo wathu. Nyumba imene inaikidwa mawaya pamene banja linali ndi mababu anayi ndi wailesi imodzi, lero ili ndi firiji, kanema, ayironi, hotipuleti ndi mafoni asanu ofuna kutchajidwa. Masoketi awiri aja sakukwananso, ndipo ekisitenshoni yalumikizidwa pa ekisitenshoni inzake.

Zizindikiro zosafunika kuzinyalanyaza

Nyumba imachenjeza isanapse. Swichi yothetheka kapena kulira ngati njuchi ikayatsidwa, soketi yofunda munthu akaikhudza, madontho akuda kapena abulawuni kuzungulira mabowo, fungo la pulasitiki yopserera limene ena amalifanizira ndi la nsomba, zonsezi zikunena kuti m'katimo muli mfundo yokhwepa. Pulagi imene imagwa yokha kapena yofuna kuichirikiza ndi njerwa ikusonyeza kuti tizitsulo togwira mano a pulagi tatopa. Babu lophethira pamene a pafupi akuwala bwino, breaker yogwa kawirikawiri, ndi mayunitsi otha msanga popanda chifukwa chooneka, ndi zizindikironso.

Chizindikiro choopsa koposa ndi kumva kunyerenyetsa pokhudza firiji, kukala, mpopi, chitseko chachitsulo kapena khoma lonyowa. Ambiri amangoti nyumbayi imagwira pang'ono, n'kumavala masilipasi pophika. Kumeneko ndi kuseweretsa moyo. Zikutanthauza kuti magetsi akutayikira pa chitsulo ndipo earth siikugwira ntchito. Wamkulu wovala nsapato pa simenti youma akhoza kungodzidzimuka, koma mwana wopanda nsapato pansi ponyowa sangapulumuke. Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi, gwetsani breaker ya mzere umenewo ndipo itanani mmisiri. Khoma lopaka penti wokongola lisakunamizeni, chifukwa chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Kasinthidwe koyenera ka swichi

Ntchito iliyonse imayamba ndi kuzimitsa main switch. Kuzimitsa swichi ya pakhoma pokha sikokwanira, chifukwa waya wamoto umafika pa swichipo ngakhale babu litazima. Mmisiri akazimitsa, amauza onse a m'nyumba ndipo amatseka bokosilo kapena kuikapo chizindikiro kuti wina asayatse. Kenako amayeza ndi chipangizo choyezera magetsi, chimene wayamba wachiyesa pamalo amoto kuti atsimikize kuti chikugwira ntchito. Katesita kooneka ngati cholembera kamanama nthawi zina, makamaka padzuwa pamene kuwala kwake sikuoneka, choncho mmisiri weniweni amakhala ndi mita yoyezera.

Lamulo lalikulu la swichi ndi lakuti idule waya wamoto, osati neutral. Swichi yoikidwa pa neutral imazimitsa babu ndithu, ndipo mwini nyumba sangaone cholakwika. Koma chogwirira babu chimakhalabe ndi mavolti 230 usana ndi usiku, ndipo munthu wokwera pampando kukasintha babu, akukhulupirira kuti wazimitsa, akhoza kugwidwa. Nthawi zina babu la LED lowala mwachizimezime swichi itazimitsidwa limakhala likuulula cholakwika chimenechi.

Swichi wamba ili ndi malo awiri omangapo waya. Pamene palembedwa COM pamalowa waya wamoto wochokera ku bokosi, ndipo pa L1 pamatuluka waya wopita ku babu. Swichi yoyatsira babu limodzi pamalo awiri, monga kumayambiriro ndi kumapeto kwa khonde, ili ndi malo achitatu olembedwa L2, ndipo maswichi awiriwo amalumikizana ndi mawaya pakati pawo. Asanamasule kanthu, mmisiri amalemba kapena kujambula pa foni mmene mawaya analili. Amadula nsonga yopserera ya waya mpaka afike pa mkuwa wowala, amasenda pang'ono moti mkuwa usaonekere kunja kwa chomangira, amamanga sikuluu mwamphamvu, kenako amakoka wayawo kuti aone ngati wagwira. Ngati kabokosi ka m'khoma kapena nkhope ya swichi ndi yachitsulo, iyenera kulumikizidwa ku earth. M'bafa simuikidwa swichi wamba kapena soketi. Swichi imakhala kunja kwa chitseko, kapena imakhala ya chingwe chokoka chochokera kudenga.

Soketi, pulagi ndi masamu ake

Mukayang'ana soketi kumaso, bowo lapamwamba ndi la earth, lakumanzere ndi la neutral, ndipo lakumanja ndi lamoto. Kumbuyo kwake kunalembedwa E, N ndi L, ndipo mmisiri amatsata zilembozo, popeza malo ake amasiyana malinga ndi kampani imene inapanga. Mawaya a L ndi N akasinthanitsidwa, ketulo imawirabe, koma swichi ya pa soketi ndi fyuzi ya mu pulagi zimakhala pa waya wolakwika, ndipo chitetezo chatha. Pali kachipangizo kotsika mtengo kolowetsa mu soketi kamene kamaonetsa ndi timagetsi ngati mawaya onse atatu ali m'malo mwake. Pemphani mmisiri ayeze soketi iliyonse inu mukuona.

Soketi yabwino imakhala ndi chilembo cha BS 1363. Ili ndi titseko totchinga mabowo awiri apansi, ndipo timatseguka pokhapokha dzino lalitali la earth likalowa. Titsekoti tinaikidwa kuti mwana asalowetse msomali. Chizolowezi chotokosa bowo lapamwamba ndi kamtengo kapena cholembera kuti pulagi ya mano awiri ozungulira ilowe chimathyola titsekoti ndi kukulitsa mabowo. Choipa koposa ndi kulowetsa mawaya osenda opanda pulagi n'kuwatsina ndi machesi. Njira yoyenera ndi kudula pulagi yachilendoyo n'kuikapo ya mano atatu. Mu pulagi, waya wabulawuni umapita ku dzino la fyuzi, wabuluu kumanzere, ndipo wa earth pamwamba, utasiyidwa wautali pang'ono kuti chingwe chikakokeka ukhale womaliza kuzuka. Fyuzi ya maampu 3 ndi ya zinthu zazing'ono monga wailesi ndi nyale, ya 13 ndi ya ketulo, ayironi ndi hotipuleti. Kukulunga fyuzi yakupsa ndi kapepala konyezimira kapena kuikapo waya ndi kuitana moto.

Masamu ake ndi osavuta. Mawati olembedwa pa chipangizo mukawagawa ndi 230 mumapeza maampu. Pulagi imodzi, ndiponso ekisitenshoni yonse, imanyamula maampu 13 basi, amene ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9. Mukaikanso ayironi ya mawati 1,500 ndi hotipuleti ya 1,000 pa ekisitenshoni yomweyo, zonse pamodzi ndi mawati 4,500, kapena maampu pafupifupi 20. Ekisitenshoni yabwino imapsetsa fyuzi. Yachinyengo, yopanda fyuzi ndi ya waya wowonda, imasungunuka. Choncho pokonzanso mawaya, werengani zipangizo za chipinda chilichonse ndipo ikitsani masoketi okwanira, makamaka kukhitchini. Soketi iikidwe pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, ndipo kumalo osefukira madzi ikwezedwe kuposa apo. Mawaya a m'khoma ayende m'mapaipi, molunjika m'mwamba kapena m'mbali kuchokera pa soketi, kuti wokhoma msomali wa kalendala adziwe popewa.

Earth ndi chotetezera moyo

Kunja kwa nyumba, kawirikawiri pafupi ndi bokosi la main switch, pamakhala ndodo yokutidwa ndi mkuwa yokhomeredwa pansi, yolumikizidwa ndi waya wochindikala. Pitani mukaione. M'nyumba zambiri waya umenewu unaduka ndi khasu polambula pabwalo, unadyedwa ndi dzimbiri, kapena unabedwa ndi ofuna mkuwa. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala nthaka ikaumitsitsa, makamaka m'malo amiyala a m'munsi mwa mapiri, ndodo yaifupi siigwira bwino ntchito. Ndi mmisiri yekha wokhala ndi chipangizo choyezera amene anganene ngati earth ili bwino.

Breaker wamba imateteza waya, koma siiteteza munthu. Mphamvu yokwana 0.05 ya ampu imodzi ikadutsa pachifuwa ikhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima, pamene breaker ya masoketi imadikira maampu oposa 20. N'chifukwa chake pali chipangizo china chimene amisiri amachitcha earth leakage kapena RCD. Chimayerekeza magetsi otuluka pa waya wamoto ndi obwerera pa neutral. Akasiyana ndi 30 mA, kutanthauza kuti ena akuthawira pansi kudzera m'madzi, m'khoma kapena m'thupi la munthu, chimadula magetsi sekondi imodzi isanathe. Nyumba zambiri zakale zilibe chipangizochi. Ngati ndalama zanu zingakwane chinthu chimodzi chokha chaka chino, chikhale chimenechi. Chili ndi batani lolembedwa T kapena TEST loyenera kudinidwa kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo magetsi ayenera kuzima pompo. Chikamagwagwa nyengo ya mvula, chikunena zoona kuti penapake palowa madzi. Mmisiri wokuuzani kuti angochidumphitsa si wofunika kumusunga.

Kuthimathima, sola ndi jenereta

Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Kuthimathima kumabweretsa ngozi ziwiri m'nyumba. Yoyamba ndi ya munthu woganiza kuti poti magetsi apita, ino ndiyo nthawi yabwino yotsegula soketi. Magetsi sagogoda pobwera. Ngakhale dera lonse lili mumdima, main switch izimitsidwe ntchito isanayambe. Yachiwiri ndi ayironi kapena hotipuleti yosiyidwa yoyatsa pamene magetsi anazima, imene imayaka yokha usiku anthu atagona kapena atapita kumunda.

Mabanja ndi mabizinesi ena ali ndi sola, inveta kapena jenereta. M'nyumba yotere main switch ya ESCOM ikazimitsidwa, mawaya akhoza kukhalabe amoto, choncho mmisiri auzidwe za gwero lililonse la magetsi. Jenereta isalumikizidwe polowetsa chingwe chake mu soketi ya pakhoma. Magetsi ake amabwerera ku polo, thiransifoma imawakweza, ndipo wogwira ntchito pa mawaya amene akudziwa kuti ndi ozima akhoza kufa. Pamafunika swichi yosinthira, yotchedwa changeover, imene siilola magwero awiri kukumana. Mofananamo, kugawira magetsi kwa woyandikana naye ndi waya wokwirira pansi kapena wopachika m'mitengo ya mango n'kosaloledwa ndi malamulo, ndipo kumaika pangozi ana osewera ndi anthu olima.

Kugula zipangizo ndi kusankha mmisiri

Misika yathu ili ndi zipangizo zabwino ndi zachinyengo zomwe. Pali waya wooneka ngati mkuwa koma m'kati muli aluminiyamu kapena chitsulo. Aluminiyamu amadutsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa 10 a mmene mkuwa umadutsira, choncho waya wotere umatentha msanga ndipo umathyoka pa sikuluu. Palani nsonga yake ndi mpeni: mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka m'kati, wachinyengo umayera. Ukakokedwa ndi maginito, ndi chitsulo. Soketi yopepuka kwambiri, ya tizitsulo topyapyala ngati chitini, ndi yopanda titseko, isiyeni m'sitolo momwemo. Bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS lilipo kuti lilandire madandaulo a katundu wotere, ndipo risiti ndi umboni wanu.

Posankha mmisiri, pemphani kuona chilolezo chake cha MERA ndi satifiketi ya maphunziro ake. M'boma lathu lino muli sukulu ya ntchito zamanja ya Nasawa, ndipo bungwe la TEVETA limayang'anira maphunziro a luso m'dziko lonse, kotero achinyamata ophunzira bwino alipo. Funsani nyumba zimene anagwirapo ntchito. Mugwirizane polemba mndandanda wa zipangizo, kukula kwa mawaya, chiwerengero cha masoketi ndi mtengo wa ntchito, ndipo musamalize kulipira asanayeze mizere yonse ndi kulemba pa bokosi breaker iliyonse ndi chipinda chake. Musachite manyazi kufunsa chifukwa chimene akuchitira chinthu. Safunsa anadya phula. Ku Britain, kumene kunachokera dongosolo lathu, amalangiza kuti mawaya a nyumba yokhala mwini wake aziyezedwa pa zaka 10 zilizonse, ndipo a nyumba ya lendi pa zaka 5. Ndi muyezo wabwino kuutsatira.

Ngozi ikachitika

Munthu akagwidwa ndi nyesi, musamugwire ndi manja, chifukwa nanunso mudzagwidwa. Thamangirani ku main switch. Ngati ili kutali, imani pa thabwa louma ndipo mukankheni ndi mtengo wouma kapena mpini wa tsache. Ngati sakupuma, yambani kupsinja pakati pa chifuwa chake mwamphamvu ndi mofulumira pamene wina akufuna galimoto. Malo opsa athiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, ndipo musapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Kumukwirira m'dothi kapena kumumwetsa kanthu ali chikomokere sikuthandiza. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, mutengereni ku chipatala cha Domasi, cha St Luke's ku Malosa kapena chachikulu cha Zomba, chifukwa magetsi amavulaza m'kati ndipo mtima ukhoza kusokonekera patapita nthawi. Moto woyambira pa soketi usathiridwe madzi magetsi asanazimitsidwe. Zimitsani kaye, ndipo ngati simungathe, gwiritsani ntchito mchenga wouma kapena tulutsani anthu onse. Aliyense m'banja, kuphatikizapo ana okulirapo, adziwe pamene pali main switch, ndipo pasatsekedwe ndi matumba a chimanga kapena kabati.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi chilimwe, zokolola zitagulitsidwa ndiponso makoma ali ouma, mvula yoyamba isanagwe. Amene sangathe kukonza nyumba yonse nthawi imodzi ayambe ndi earth ndi RCD, kenako masoketi opserera ndi a kukhitchini, n'kumaliza ndi mawaya a pamwamba pa siling'i. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, makomiti a sukulu, a mipingo, a mizikiti ndi a misika aike pa ndondomeko zawo za chaka kuyeza mawaya a nyumba zimene amaziyang'anira, poti m'malo amenewa mumasonkhana anthu ambiri ndipo masoketi ake amagwiridwa ndi manja ambiri.